Belulo musatumize

Okondedwa asuweni a Nowa,

Kuno ku Dzoole tili bwino, chimanga chayamba kucha. Kaya inu ku Joniko?

Kalata yanu yafika, koma envelopu yake inali yomatidwa kawiri. Mwafunsa kuti tisankhe belu liti lotichenjeza akuba akabwera, la batire kapena lokoka ndi chingwe, ndipo mwajambula mawaya ake bwinobwino. Zikomo kwambiri. Komatu Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, a Isake oyandikana nafe nyumba aja anafunsa amuna anga kuti, "Aphunzitsi, mawaya ochokera kunjawo ndi olankhulirana ndi ndani?" Chonsecho kalatayo sitinaonetse munthu aliyense. Ndaitentha.

Ndiye belulo musatumize, ngakhale lotchipalo. Tamangirira zitini pa waya kuzungulira chigafa cha fodya, ndipo zikutikwanira. A Isake omwewo anadzipereka kudzatithandiza, mpaka anasuzumira ndi kuchipinda komwe.

Mwafunsanso za mlongo wanga Lester. Belu silikanamuthandiza. Amene anadzamutenga anabwera masanasana, anaodira pakhomo, ndipo tinawapatsa mipando.

Poyankha, lembani za mvula basi.

Ndine msuweni wanu,
Lidia