Malole ndi Nkhokwe Yanga

Lolemba, 9 Juni 2025

Chiperoni kuyambira m'mawa. Msewu woterera ngati therere. Malole a mbatatesi ayambanso. Lero lokha asanu ndi awiri, ena okwera kukatenga ku Nsambe, ena otsika atadzaza mpaka pamwamba.

Kona yathuyi sidutsa malole awiri. Uku phompho, uku khoma la phiri. Malo otambasuka ndi amodzi okha, pabwalo panga, kumtunda kwa kona. Ndiye akakumana, wotsikayo amabwerera chammbuyo n'kulowetsa matako a lole pakhomo pano ngati ndi pa depoti. Odi palibe. Nkhokwe ili pomwepo, ndipo m'menemo ndi momwe muli chakudya chathu chonse mpaka Malichi. Ine ndi mkazi wanga Eliness tinakolola tokha ndi misana yathu yothayi.

Chondinyansa n'chakuti lamulolo ndi loona. Wotsika ndiye amapatsa njira wokwera. Kubwerera chammbuyo ukutsika phiri ndi imfa. Zaka 26 pa lole ya matabwa, ndimalidziwa. Koma lamulolo linanena kuti pabwalo panga ine Laimoni?

Lachitatu, 11 Juni

Zachitika. Denga la nkhokwe lapendekeka, mphanda imodzi yathyoka. Chimanga china pansi, nkhuku phwando.

Wachita ndi Gerishon. Mwana wa mlongo wanga weniweni, amene ndinamuphunzitsa ine kugwira chiwongolero. Eliness akuti anabwerera foni ili kukhutu, popanda womuonera kumbuyo. Ine ndinali kudimba.

Masana wabwera ndi kathumba ka mbatatesi. "Amalume, ndangoikhudza pang'ono. Nkhokwe imeneyi inatopa kale yokha." Ndamufunsa ngati ndinamuphunzitsa kuyendetsa ndi khutu. Waseka. "Za kale zimenezo amalume, masiku ano tili ndi magalasi akuluakulu." Za kale! Mbatatesi zake ndamuuza abwerere nazo. Eliness wazilandira kuseri kwa nyumba, akuganiza kuti sindinaone.

Lachinayi, 12 Juni

Mphanda ndasintha. Nkhokwe sindingaisunthe, ndi yodzaza, komanso kwina konse pano ndi potsetsereka.

Tsiku lonse kugubuduza miyala. Isanu ndi umodzi, ikuluikulu, ndaindandalika pakamwa pa bwalo. Msana moto. Eliness anangoima manja m'chiuno: "Kodi a Laimoni, miyalayi mukutchingira malole kapena mukutchingira Gerishon?" Munthu wamkazi uyu akayamba.

Azikapatsana njira kwawo.

Loweruka, 14 Juni

Malole awiri mphuno ndi mphuno pa kona, kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Wotsika alibe kolowera, miyala yanga. Wokwera akukana kubwerera. Mahutala, kutukwanizana, kenako onse azimitsa mainjini. Wina mpaka wagona pansi pa lole yake chipewa kumaso. Ine pakhonde ndi tiyi, ndikuti eya, lawani.

Mapeto ake wokwerayo anagonja. Dzina lake Wyson, wa ku Lunzu, ameneyu njira yakunoyi saidziwa. Anayamba kutsika chammbuyo, mabuleki akulira, lole yopanda katundu ikuvina pamatope. Anthu khumi kumukuwira, aliyense zake. Wina akuti kumanja, wina akuti kumanzere, wina waima kumbuyo kwenikweni komwe dalaivala sangamuone. Zitsiru. Tayala lakumbuyo linatsetsereka mpaka m'mphepete. Ndinaona dothi likugumukira kuphompho. Linaima lokha, sindikudziwa chinaligwira n'chiyani.

Anatsika m'lolemo. Anakhala pansi pamatope pomwepo.

Tiyi ndinataya.

Lamulungu, 15 Juni

Kutchalitchi maso onse pa ine. Palibe wanena kanthu. Bola akadanena.

Lolemba, 16 Juni

Miyala ndachotsa. Kugubuduzanso, msana womwewo. Palibe ngakhale mmodzi mwa okuwa aja wabwera kudzathandiza.

Koma ndalamula, ndipo ndauza dalaivala aliyense wodutsa: wolowa pabwalo pano alowa ndi dzanja langa. Woonera kumbuyo ndi mmodzi basi, ine. Ndiima mbali ya dalaivala. Dzanja likamaitana, bwera pang'onopang'ono. Ndikamenya bodi ya lole kawiri, ima pomwepo. Galasi la pachitseko litsitsidwe, wailesi izimitsidwe, foni m'thumba. Ukaima, mwala kuseri kwa tayala.

Kudimba ndiye kwagona. Ndiwo zamasamba zizidzithirira zokha, eti.

Lachinayi, 19 Juni

Masiku atatu, malole khumi ndi limodzi ndalowetsa ndi kutulutsa. Nkhokwe sinakhudzidwe ngakhale udzu umodzi.

Koma anthu ake! Wina ndikumenya bodi iye akuponda mafuta, akuti amayesa ndikumulimbikitsa. Wina akundiitana kuti "abwana a trafiki", anzake m'mwamba mwa matumba kuseka. Wina kupempha madzi akumwa, kenako kufunsa ngati pali chimbudzi. Ndatsegula hotela ine? Wyson yekha ndiye wadutsa mwaulemu, waimika n'kudzandigwira dzanja ndi manja awiri. Za Loweruka sanatchule. Ine maso pansi.

Gerishon wadutsa kawiri osakumana ndi wina. Hutala kamodzi, dzanja pawindo. Kuima ayi.

Loweruka, 21 Juni

Wakumana naye lero wokwera, cha m'ma 11. Gerishon wotsika, matumba mpaka kupitirira bodi. Anthu ambiri pamsewu, obwera kumsika. Ndinati lero aone za kale zija.

Anatsitsa galasi, foni anaponya pampando ndikuona. Ndinaima pamalo panga. Bwera. Bwera. Lole ikubwera bwinobwino ngati mkwatibwi. Dzanja langa likuitanabe, bwera, malo alipo. Iye anaima.

Ndinakuwa, "Ndati bwera! Ukuyesa ndine mwana?" Anakoka handibuleki, anatsika, anazungulira kumbuyo mbali inayo. Ndinamutsatira mkamwa muli modzaza mawu.

Ngodya ya bodi ndi nkhokwe, mpata wake chikhatho changa sichikanalowa. Ndikadamuitana kamodzi kena, chimanga chonse chikadakhala m'matope. Ine ndimaona mpata wa mapazi atatu.

Diso lamanzereli lili ndi chifunga kuyambira chaka chatha. Sindinauze munthu. Ngakhale m'buku lino sindinalembemo.

Gerishon anayang'ana mpatawo, anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Kenako mokweza kuti onse amve: "Mwaona? Amalume akati ima, umaima. Akadapanda iwo ndikadaipha nkhokweyi." Anthu m'manja. Anatola yekha mwala n'kuika kuseri kwa tayala. Pokwera anandinong'oneza, "Lachiwiri nditsika wopanda katundu wambiri, tipitire limodzi ku Boma akakuoneni masowo."

Wabodza. Pamaso pa anthu onse, bodza loyera, ndipo ine ndinangoima n'kulilandira ngati mbatatesi zija.

Eliness sanaombe nawo m'manja. Anali pakhonde, anaona dzanja langa likuitana.

Lolemba malole abweranso. Ndani aime kumbuyo? Eliness maso ake ndi akuthwa, singano amalowetsa ulusi kamodzi. Koma kuti ndimuphunzitse ndiye kuti ndiyambe ndamuuza, ndipo mkazi ameneyu akadziwa kuti chaka chonse ndakhala ndikumubisira za disoli, mtendere pakhomo pano watha.