Mzere Wofiira wa Benzi ya ba Spencer

Masala, Ndola
14 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali Tionge,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi mwana wakhanda m'manja. Ndinakuimbirani foni kawiri sabata yatha, ndipo kawiri konse ndinangofunsa za mwana n'kudula. Pakamwa zikundikanika, ndiye ndati ndilembe. Kalatayi ndapatsira mayi Harriet a ku tchalitchi kwathu, amene akukwera basi ya ku Lilongwe mawa.

Kuno tili bwino, kungoti kutentha kwanyanya. Amayi ku Bulangililo ndinawaona Lamlungu, miyendo yasiya kutupa. Za m'kalata muno sakuzidziwa.

Achemwali, mutabwera mu Ogasiti munatenga buku langa la nyimbo n'kusiya lanu, poti zikuto zake n'zofanana. Sindinadandaule. Koma m'kati mwake muli kapepala kopyapyala kopinda panayi, kojambulidwa ndi pensulo. Chonde musakataye, ndipo alamu asayatsire mbaula.

Mukudziwa kuti ndatha zaka zitatu ku shopu ya ba Abednego, kumene timakonza mageji a pa dashibodi ya magalimoto akale. Iwo amakonza za m'kati, kuti singano iziyenda bwino. Ine ndimapenta nkhope ya geji, kachitsulo kozungulira kaja kokhala ndi manambala. Lamulo lawo ndi limodzi: usanapale penti yakale, ika pepala pamwamba, ujambule mzere uliwonse pamene uli. Chaka choyamba ankayang'ana ntchito yanga ndi galasi lokulitsa. Kenako anasiya, akuti Gladness saphonya.

Mu Ogasiti momwemo ba Spencer a ku Itawa anabweretsa Benzi yakale ya malemu bambo awo. Inakhala pa njerwa zaka zambiri, ndipo anaidzutsa kuti idzanyamule mwana wawo Belinda pa ukwati ku Kitwe. Geji yoonetsa kutentha kwa injini inali yakufa. Ba Abednego anaika kachipangizo katsopano komva kutentha, n'kumakaviika m'ketulo ya madzi owira masiku awiri, mpaka singano inkaima ndendende pa 100, pamene pankayambira mzere wofiira. Atakhutira anandipatsa nkhope ija kuti ndiipente.

Ndinajambula papepala monga mwa lamulo. Koma nditayang'anitsitsa, mtima sunandikhale. Manambala sanali otalikirana mofanana. 40 ndi 60 zinali zothithikana kumanzere, pamene 100 ndi 120 zinali zotayana kwambiri. Ndinaganiza kuti amene anapenta kalelo anali pa changu. Mukundidziwa, ngakhale kusukulu ndinalekera giredi 7, mizere ya m'kope langa sinkakhota. Ndinati galimoto ya mkwatibwi isapite ndi geji yopotoka. Ndinapala penti, n'kutenga kampasi ndi lula, n'kugawa mipata yonse mofanana. Mzere wofiira unasunthira kumanja, pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Kapepala ndinakabisa m'buku la nyimbo, chifukwa ndinkafuna kudzawaonetsa ba Abednego tsiku lina kuti aone mmene ndinakonzera. Inatuluka yokongola, achemwali. Ba Spencer anaijambula pa foni.

Sindinkadziwa kuti singano ya geji yotere simayenda mofanana. Imayamba mwaulesi, n'kumathamanga injini ikatentha. Mizere yopotoka ija inali yolondola.

Pa tsiku la ukwati, paipi ya madzi inayamba kudontha pa msewu wa ku Kitwe. Ba Spencer akuti maso awo anali pa geji njira yonse, ndipo singano sinafike pofiira. Anangoona utsi. Injini inapseratu asanafike pa mlatho wa Kafue. Belinda anakalowa m'tchalitchi atatsika minibasi, chovala chake atachinyamula m'manja, kondakitala akukuwa kuti apatseni njira bwana mkwatibwi. Anthu ku Masala akusekabe. Makaniko akuti injini ya mtundu umenewo siipezekanso.

Lolemba lake ba Spencer anabwera ndi geji ija m'thumba la pulasitiki. Sanakalipe. Anangoiika pa tebulo n'kunena kuti bambo awo anayenda ndi galimotoyo zaka makumi atatu osaipsereza. Ba Abednego anawiritsa ketulo pomwepo, ife tonse tikuona. Madzi anawira, singano n'kuima isanafike pofiira. Anabwereza katatu. Ine ndinali pambali pawo, burashi ili m'manja, ndipo ndinaona kuti singano yaima pamalo penipeni pamene panali 100 wakale. 

Ba Abednego sanayang'ane n'komwe nkhope ya geji. Anayang'ana manja awo. Anapepesa kwa ba Spencer m'Chibemba, chipewa atavula, n'kunena kuti cholakwa n'chawo, anayeza molakwika.

Kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso geji. Amabwera m'mawa, n'kukhala pa benchi panja, makasitomala n'kumawabweza. Wina anachokera ku Luanshya ndi Land Rover, anamuuza kuti apite ku Lusaka. Lachisanu anandiitana, nandionetsa makiyi a shopu.

"Mwana wandi," anatero, "maso anga atha, ndipo dzanja layamba kundinamiza. Lako silinandinamizepo. Mwezi ukatha makiyi awa ndi ako. Za m'kati uzitumiza kwa ena, iwe uzipenta."

Ndinati zikomo. Achemwali, ndinati zikomo, n'kugwada.

Akuti apita kukakhala kwa mwana wawo ku Mpongwe. Munthu amene wakonza mageji kuyambira nthawi ya migodi ya boma, amene amamva ndi khutu kuti sipidomita yauma mafuta, akukakhala pansi pa mtengo chifukwa cha kampasi yanga. Dzanja lawo lilibe vuto lililonse. Wodziwa zimenezi ndine ndekha.

Mwina mukuti bwanji osangowauza. Ndayesa. Loweruka ndinayamba kuti, ba Abednego, geji ija mwina ndine, ndipo anandidula, akuti ndisawamvere chisoni, iwo si mwana. Penti yakale ndinaipala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, ndiye palibe choti ndiwaonetse. Chatsala ndi kapepala kali kwa inuko. Akakaona adzazindikira nthawi yomweyo, chifukwa mizere imeneyo amaidziwa ngati nkhope za ana awo.

Pali china chimene ndikuchita nacho manyazi. Shopuyo ndikuifuna. Ndaganizapo kale za mtundu wa penti ya pachitseko. Tsiku lina ndinapemphera kuti kapepalako kakhale kuti kanatayika, kenako ndinapempheranso kupepesa. Ndikaulula, sindikudziwa ngati adzandisunge, ndipo ba Spencer ndidzawayang'ana bwanji. Ntchito ina sindiidziwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Katambasuleni bwino pa tebulo, pamalo owala, mukajambule pa foni molunjika kuchokera pamwamba, manambala onse aoneke. Koma chithunzicho musatumize kwa ine. Ndikudziopa, ndikhoza kuchifufuta. Tumizani kwa ba Abednego, nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepala lino. Mulembe kuti, Gladness akuti muyerekeze ndi geji ya Benzi. Zotsalazo ndidzanena ndekha, poti pamenepo pothawira padzakhala palibe.

Moni kwa alamu. Khanda lanulo Luntha mumupsompsone, ndamusokera kachipewa koma ndadikira kuti mutu ukule. Buku lanu la nyimbo ndikulisunga bwino, ngakhale masiku ano ndikumangolitsegula osaimba.

Mwezi watsala ndi masabata awiri, ndipo ba Abednego ayamba kale kulongedza zida m'makatoni. Ketulo yokha ndiyo sanailongedze. Chonde musadikire Lamlungu kuti mutsegule bukulo. Mukatumiza, mundiyankhe msanga, ngakhale liwu limodzi, kuti ndidziwe tsiku loti ndilowe m'shopu nditakonzeka.

Ndine mng'ono wanu,
Gladness