Zitsulo Zakale Zomwe Zili kwa a Salim

Msonkhano wadzidzidzi wa Komiti Yothandizana ya Amalawi a ku Bin Mahmoud, kudziko la Aluya, Lachisanu pa 9 Meyi 2025, kunyumba kwa a Phyllis.

Opezeka: a Rashid (wapampando), a Phyllis, a Ismail, a Wongani, a Tinenenji (mlembi). Woitanidwa: a Salim.
Opepesa: a Aleke, ali pa shifiti.

1. Chiyambi cha nkhani

Wapampando anapempha a Salim, omwe ndi dalaivala, kuti afotokoze okha. A Salim anati bwana wawo, wogulitsa zinthu zamakedzana, anawasungitsa bokosi n'kutuluka m'dziko, ndipo foni sakuyankha. M'bokosimo muli zitsulo zadzimbiri zopindika kunsonga. Masiku apitawo a Salim anapereka chimodzi kwa a Wongani kuti achione.

2. Zomwe apeza a Wongani

A Wongani, injiniya wa zitsulo, anati anapala kachidutswa n'kukayezetsa. Chitsulocho si cha kufakitale. Chinasulidwa pamanja zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo kunsonga kuli mtovu. Anati amisiri akale a ku Ulaya ankalumikizira miyala ya matchalitchi akuluakulu ndi zitsulo zotere. Timiyala totsalira mkati mwake timasonyeza dera lomwe anakumba mwala wake, choncho anatumiza zotsatira kwa katswiri wina kumeneko. Katswiriyo wayankha kuti zikufanana ndi za tchalitchi china chomwe zitsulo zake zinasowa pa nthawi yokonzanso denga, ndipo akufunsa komwe zapezeka.

A Salim anafunsa ngati dzina lawo latchulidwa. A Wongani anati la a Salim silinatchulidwe, latchulidwa ndi la iwo eni lokha.

3. Chochita

A Ismail anati bokosilo likatayidwe kuchipululu, khalasi, nkhani ithere pomwepo. A Phyllis anawafunsa kuti makamera a pageti awona ndani akulinyamula. A Ismail anati a Wongani akadafunsa kaye komiti. A Wongani anavomera, koma anati kunama sanama. Wapampando analetsa kulozana zala.

A Salim anati tchuthi chawo ndi mwezi wamawa, ndipo mayi akunyumba ku Balaka ndi oyembekezera. Anati: "Akuluakulu, ine ndinangouzidwa kuti sunga. Akandigwirira pasipoti, ndikamuuza chiyani mkazi wanga?"

Komiti inagwirizana kuti bokosi lisakhudzidwe, ndipo Lamlungu wapampando ndi a Wongani aperekeze a Salim kwa loya, kenako kupolisi. A Ismail anapempha kuti kukana kwawo kulembedwe.

4. Zina ndi zina

A Salim anafunsa amene adzaimbire akazi awo ngati iwo sadzatuluka kupolisiko. A Ismail anatulutsa foni n'kuti: "Tchulani nambala, achimwene."

Msonkhano wina udzakhala Lachisanu likudzali, malo omwewa. Wapampando anatseka zokambirana nthawi ya 4 koloko madzulo.

Rashid Matola, Wapampando
Tinenenji Kachingwe, Mlembi