Mbawala yanga aipachika pa galasi

Lachinayi, nkhuku zitangolowa. Lero tsiku landiwawa.

Pali mbawala imene yakhala ikudya chigwada kumunda kwanga kwa Malengachanzi chiyambireni mvula. Sindinauzepo munthu. Imafika m'mawa, kundiyang'ana ngati mpongozi, n'kuyamba kudya. Ine kulima, iyo kudya, osakangana.

Sabata yatha mdzukulu wanga Saidi, uja amajambula maukwati pa boma, anandilondola ndi kamera yake. "Agogo, musatsokomole," akutero. Anaijambula bwinobwino, n'kukamata chithunzicho pa galasi la shopu yake. Ngakhale mango wanga wopindika uja akuonekamo. Ndani sadziwa mtengo umenewo?

Lero ndapeza anyamata atatu m'mundamo, agalu patsogolo, mawaya m'manja.

"Mwataya chiyani muno, inu a mimba zosakhuta?"

"Mayi, pano ndi demokalase. Nyama ilibe mwini."

Ndawalalatira mpaka mawu kusasa, iwo akungoseka. Mawondo angawa sangathamangitse ngakhale bakha. Atachoka ndazula misampha imene ndaiona, koma ina sindikudziwa aitchera pati.

Masana mbawalayo yabweranso. Ndaigenda ndi zibuma kuti ipite kutali, isadzabwerenso. Yangosuntha pang'ono, n'kupitiriza kudya. Siindiopa ayi. Nanga ndiiuze m'chinenero chanji?

Iwe amene umasuzumira m'kope langali ndikapita kumadzi, usaganize kuti sindikudziwa. Kamuuze Saidi amatule chithunzicho mawa lomwe. Koma asachitaye. Mwina n'chokhacho chimene chinditsalire.