Galimoto ya Yohane M'chipinda Chanu

Amayi anga,

Kumene muliko kwacha bwanji? Miyendo ija inasiya kuwawa? Kuno ku Kawale tilipo ndithu, kungoti mtima wanga suli m'malo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kukuuzani inu ndiphulika. Nkhani ndi ya mwana wanu Yohane. Anapita ku Joni, mvula yagwa kawiri tsopano, ndipo sitikudziwa ngati ali moyo. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkati munthu azimwa kaye madzi asanamve zoipa.

Pathupi paja ndinali napo pa maliro anu ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi. Tinamutcha dzina lanu, Elube. Wakutengani mphumi, wakutenganinso ukali. Ukamulanda supuni amakuyang'ana mpaka umapepesa. Tiyamike wanga wamkulu uja anakhoza mayeso a Sitandade 8, amusankhira ku sekondale yogonera konko. Kamunda kanu ka kuseri kwa Chipasula sitinakasiye. Chaka chatha chimanga chinachita bwino, ngakhale akuba anatithandiza kukolola mbali ya kumunsi. Bambo a ana anga akadali ku esiteti ku Kasungu, amabwera mwa apo ndi apo. Ine ndikuphunzitsabe pa sukulu yomwe ija, ndipo mpopi wa panja ukudonthabe.

Tsopano za Yohane. Mutangotisiya, kampani ija ya ku Kanengo inachotsa anthu ambiri ntchito, iye anali m'gulu lomwelo. Anamupatsa ndalama zake zonse pakamodzi. Ine ndinamukhazika pansi ngati mkulu wake. Ndinati gula minibasi iwe, izithamanga pakati pa Kawale ndi tauni, kapena chigayo, ndipo zotsalazo timange chiliza pa manda a Amayi. Anandiyankha akumwetulira, kumwetulira kuja kunkakufoolani inu: "Achemwali, minibasi ndi ya anthu opanda maloto." Sabata isanathe anali ataona chikalata pa khoma la sitolo ina ku City Centre. Mzungu wina ankabwerera kwawo ndipo ankagulitsa galimoto yake.

Inu simunaione, ndiye ndikufotokozereni. Ndi yofiira ngati tsabola. Zitseko ziwiri, mipando iwiri, basi. Ndi yaifupi moti denga lake limandifika m'chiuno, ndipo polowa umachita kugwada ngati ukulowa m'khola la nkhuku. Nyale zake zimatsinzina: ukazimitsa zimalowa m'kati ngati zikope. Akuti ndi galimoto za mpikisano wa liwiro. Ndalama zonse za ntchito zinathera pamenepo, mpaka anagulitsa firiji ndi wailesi yake yaikulu kuti zikwane. Ndalama zimenezo, Amayi, zikanagula nyumba ina muno m'Kawale. Koma mzungu uja anamuuza kuti yatsopano mtengo wake ndi woopsa, kuti akungomupatsa ulere, ndipo mwana wanu anameza. "Iyi ndi banki, achemwali," ankatero akuisisita. "Ndiyendamo chaka chimodzi, ndiigulitsa mowirikiza, chiliza cha Amayi chidzakhala cha miyala yonyezimira." Mukukumbukira mmene ankathera mawaya a mpanda wanu popanga timagalimoto ali mwana? Ndi munthu yemwe uja, anangokula msinkhu.

Vuto loyamba linali pogona. Galimoto yotere singagone panja kuno, kukacha mungapeze ili pa njerwa. Ndiye Yohane anayang'ana nyumba yonse n'kuona kuti chipinda choyang'ana ku msewu ndi chanu. Amalume a Jailosi, mlongo wanu, anachita kukwera basi kuchokera ku Mponela kudzaletsa. Anati chipinda chimene munthu watsirizikiramo sichigumulidwa manda ake akadali dothi lokhalokha, muyambe mwamugoneka mwini wake. Yohane anawapatsa ulemu wonse, anawagulira shuga ndi buledi, anawaperekeza ku depoti. Mawa lake anabwera ndi amisiri. Khoma lija munkatsamira poimba nyimbo za ku Mvano linagwa dzuwa lisanafike pamutu, anaikapo zitseko za malata. Pamene panali bedi lanu ndi pamene pamadontha oyilo tsopano.

Ine ndinaikwera kamodzi kokha, tsiku limene matenda oti ndibereke Elube anandiyamba. Anali masana, Yohane anandinyamula ngati thumba n'kundiika pa kampando kogona chagada kaja. Mayi Phiri oyandikana nafe, amene ankati andiperekeze, anatsala ali chilili pa msewu, beseni ndi zitenje zili m'manja, chifukwa malo munalibe. Anachita kutilondola pa minibasi. Titangoponda tala mwana wanu anaponda moto. Mayo ine! Mitengo ndi anthu zinangosanduka mizere. Ndinakuwa mawu anu aja osadziwa: "Yohane, khala pansi, palibe akukuthamangitsa!" Anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ndendende Amayi!" Kenako anachepetsa liwiro yekha. Ku chipatala anamwino anavutika kundisolola m'menemo.

Ndiye inayamba kudya. Petulo inkamwa ngati ili ndi ludzu la m'chilimwe: kungopita ku Area 25 n'kubwera, ndiye kuti ndiwo za sabata zapita. Tayala limodzi litang'ambika pa dzenje la pafupi ndi msika, mtengo wake unaposa malipiro anga a mwezi, ndipo linachita kudikiridwa kuchokera kunja. Oyilo wake ndi wapadera, inshuwalansi yakenso yapadera. Msewu wathu mukuudziwa mmene umakumbikira nthawi ya dzinja. Pansi pa galimoto pankakhula miyala, kwee, kwee, Yohane n'kutuluka ndi khasu kukasalaza msewu wa boma, atavala nsapato zakuthwa. Anthu anaitcha Kaumbombo, chifukwa pa maliro sinkanyamula ngakhale mtolo wa nkhuni. Kwacha itagwa, chilichonse m'dziko muno chinakwera mtengo, kupatula galimoto imeneyi.

Tsiku lina m'mawa inangokana kulira. A Gondwe, makaniko wa ku Biwi, anabwera n'kuigwiragwira tsiku lonse. Anati chafa ndi kabokosi ka magetsi kamene kamauza injini zochita, ndipo m'Malawi muno simungakapeze ngakhale mutayatsa nyali masana. Ku Joni kokha. Yohane anagulitsa jekete ndi wotchi, n'kukwera basi ndi kachikwama kamodzi. Pondipatsa makiyi anati, "Muziipukuta, achemwali. Musalole munthu aigwire. Mwezi ukamatha ndabwera." Anaimba lamya kamodzi ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, akuti wafika, kabokosiko wakaona koma ndalama zaperewera, ayamba wagwira maganyu. Mawu ake omaliza amene ndinamva ndi amenewo.

Amayi, ndikuuzeni zimene sindiuza anthu a ku mpingo. Chipinda chanu chimandiopsa. Tsiku limene Yohane ankapita, nyale zonse ziwiri zinali zotsinzina, ndinaziona ndi maso angawa. Patapita miyezi, m'mawa wina ndikulowa ndi tsache, ndinapeza imodzi ili tong'o, kundiyang'ana. Tsache linandigwa. A Gondwe akuti ndi kachitsulo katha mphamvu. Mwina. Nanga fungo? Kukatentha masana, pansi pa fungo la petulo pamatuluka fungo la mankhwala aja tinkakupakani m'miyendo, chonsecho botolo lake tinataya kalekale. Nanga mwana? Elube akangopeza chitseko chili chotsegula amathamangira kumeneko, n'kukaima mbali ya mpando wa wokwera. Amayang'ana m'galasi, amabwebweta zake, amaseka, kenako amakweza manja ngati wina akufuna kumunyamula. Mpandowo umakhala wopanda munthu. Sindidziwa ngati amaona inu kapena amalume ake a Yohane, ndipo ndimaopa kumufunsa poti wayamba kulankhula.

Ogula akhala akubwera. Woyamba anali mwana wa mmwenye wa sitolo ku tauni, anati apereka theka la zimene Yohane anapereka. Ndinamubweza. Dzinja litapita kunabwera bambo wina wa mimba, mmodzi wa olemera atsopanowa, anaizungulira, anaimenya tayala ndi phazi, n'kutchula mtengo wa njinga yamoto. Ndinamubwezanso, ndipo ndinamuuza kuti akamenye matayala a kwawo. Matayala aphwa, batire inafa, makoswe alowa mu mpando wa dalaivala. Mwezi uliwonse imene yakhala pamenepo mtengo ukutsika, ngati madzi a mu ndowa yobooka. Mapeto ake a Gondwe anati aitenge aiphwasule, agulitse magudumu paokha, mipando payokha.

Amalume akuti gulitsa. Akuti ubwezeretse khoma, umange chiliza cha mlongo wanga, Tiyamike apeze yunifolomu ndi matiresi. Sakunama, Amayi, ndipo zimandipweteka kuti manda anu akadali mulu wa dothi ndi kachikwangwani kofufuma. Koma ndinu amene munandiphunzitsa kuti katundu wa munthu timagawa titabwerako ku manda. Zitenje zanu, mbale zanu, Baibulo lanu, tinagawana titakuikani, osati mukadapuma. Tsono ine ndikagulitsa galimoto ya Yohane, ndiye kuti ndanena pamaso pa Kawale yense kuti wafa. Ndiye kuti ndamukwirira ndi manja anga, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda ngakhale munthu woti anamuona atatseka maso. Nanga akadzatulukira pa geti ndi kachikwama kake, ndidzamuyang'ana bwanji?

Chimene chandichititsa kulemba ndi ichi. Sabata yatha, ndikuchapa panja, panaima thiraki pa msewu waukulu, ndipo dalaivala wake anabwera akufunsa nyumba ya a Yohane. Ananyamula kaphukusi kokulungidwa m'malaya. Malayawo ndinawazindikira asanafike pafupi kuti ndi a Yohane, ndinasoka ndine kolala yake. M'kati munali kabokosi kaja, katsopano, kakadali m'pulasitiki. Dalaivalayo anati anapatsidwa ndi bambo wina wa ku Nkhata Bay amene ankagona chipinda chimodzi ndi Yohane. Akuti mwana wanu anagwira maganyu mpaka ndalama zinakwana, anagula kabokosiko, anakaika pansi pa bedi, n'kutuluka m'mawa kuti akagule tikiti ya basi yobwerera kuno. Sanabwererenso ku chipindako. Anzake anamufuna m'zipatala, anamufuna ku polisi, osamupeza wamoyo, osamupeza wakufa. Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anati ndi kale, chaka chapita.

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo, manja ali thovu. Sindinalire, Amayi. Ndikanalira maliro a ndani?

Dzulo a Gondwe anabwera ndi batire yobwereka ndi kachigubu ka petulo. Anaika kabokosi kaja, anandipempha makiyi, anapotokola kamodzi. Inalira. Inabangula m'chipinda chanu mpaka malata ananjenjemera, makapu anagundana m'kabati, ndipo nyale zonse ziwiri zinatseguka n'kuwalitsa khoma. Anthu anathamanga kuchokera m'nyumba zawo, ena akufuula kuti a Yohane abwera, a Yohane abwera. Mayi Phiri anafika akululuta. Atasuzumira n'kupeza kuti pa chiwongolero pali a Gondwe, nthungululu inawathera m'kamwa. Ine ndinangoti zimitsani. A Gondwe anati, "Mayi, tsopanotu mtengo wakwerako, mwana wa mmwenye uja akhoza kubweranso." Ndinati zimitsani, chonde. Amalume atamva za kabokosiko akuti kumeneko ndiye kutsanzika kwa Yohane, watumiza yekha kuti mugulitse. Koma iye sanatumize. Anakasiya pansi pa bedi kuti adzabwere nako yekha.

Tiyamike apita ku sukulu, zimenezo musade nazo nkhawa, ngakhale ndichite kukazinga mandasi pa geti. Chimene sindingathe pandekha ndi chinachi, ndipo ndi inu nokha amene mungadziwe. Amayi, kodi Yohane wafika kumeneko? Muyang'ane bwino pakati pa obwera kumene, mwina akuchita manyazi kukuonekerani chifukwa cha khoma lija. Ngati wafika, mubwere ku maloto mundiuze, kamodzi kokha. Ndikulonjeza kuti ndidzaitana amalume ndi a mpingo, tidzamulira mwa mwambo wake, ndidzagulitsa galimoto, ndidzatseka khoma lanu ndi njerwa, ndipo chiliza ndidzamanga chokwanira maina awiri. Ngati sanafike, musabwere. Ndidzamva, ndipo ndizipukutabe monga anandiuzira.

Chiyambire pamene munapita, ndakhala ndikupempha Mulungu kuti ndikuoneni ngakhale m'tulo, ndimve mukunditchula dzina. Ndakusowani, Amayi, ndakusowani kwambiri. Koma kuyambira dzulo ndikupemphera kuti ndisakuloteni.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,

Edina