Thirani Mankhwala

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula, tsiku lachisanu osapuma. Zaka zinayi pa yunivesite ndikuphunzira za tizilombo, lero ndiye ndalandira udindo woyenerana ndi digiri yanga: a hedi, a Gregorio, andisankha kukhala woyang'anira zimbudzi za hositelo yatsopano ya atsikana. Alendo a bungwe lomwe linaimanga akubwera Lachisanu kudzadula riboni, ndiye fungo lichoke. Ndathokoza ngati munthu woleredwa bwino.

Ndasiyira a Alexio, osamalira pasukulu pano, kakalata: "Thirani mankhwala m'zimbudzi za atsikana." Klorini ali m'sitolo, chidebe chodzaza.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ntchentche zatha. Mphemvu zagona chagada khonde lonse. A hedi akuti ndine katswiri.

Koma fungo lake silo ayi. Ine ndinakulira m'mizere ya fodya, fungo limeneli ndimalidziwa. Ndawafunsa a Alexio. Akumwetulira, atulutsa mabotolo atatu opanda kanthu, lililonse lili ndi chigaza pambali. Mankhwala a nsabwe za fodya, otsala kumunda kwawo. Onse anatsika ndi paipi mpaka m'thanki ya zimbudzi.

"Klorini ndi wochapira, madamu. Inu munalemba kuti mankhwala. Ndapereka anga enieni, mwaulere."

Ndawafotokozera kuti m'thanki mumakhala tizilombo tabwino todya zoipa, ndipo iwo atipha. Andiyang'ana mondimvera chisoni. "Tizilombo tabwino? Munakamva ku yunivesite komweko?"

Kakalata kanga ali nako m'thumba la malaya. Ndaona kangodya kake.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Tatsegula chivundikiro cha thanki. Thanki yomwe ankati idzadzaza pakatha zaka zitatu yatsala ndi masentimita 40 basi kuti isefukire. Ndayeza ndi rula ya pabolodi. Komanso mkati mukumveka mathithi. Atsikana onse ali m'kalasi, nanga akutsitsa madzi ndani?

Tatsatira phokosolo mpaka pakona pa hositelo. Paipi yotsika padenga ikulowa pansi, n'kulumikizana ndi ya zimbudzi. Mmisiri sanafune kuti khonde lizichita matope, munthu waukhondo. Ndiye denga lonselo likukodzera m'thanki yanga.

Ikasefukira, madzi atsetsereka ndi phiri mpaka kudambo, pachitsime cha mayi Margareta, pomwe mabanja a matenanti a pa esiteti amatunga. Ndawerenga mapazi: 86. Zoipa zokhazokha n'kutsekula m'mimba. Zoipa zosakaniza ndi mabotolo atatu a chigaza, sindikufuna kulemba.

Kwa a hedi. Ndati tidule paipi ya padengayo lero lomwe. "Mayi Madalitso, paipi imeneyo ili pachithunzi chomwe tinatumiza kwa azungu. Musaikhudze mpaka alendo apite." Galimoto yopopa zimbudzi akuti ichoka ku Lilongwe Lolemba, msewu ukalola. Msewu wathuwu unalolapo liti?

Lachinayi, 6 Febuluwale

M'mawa, kwatsala masentimita 27. Masana, 19.

Ndatsikira kudambo, nsapato imodzi yatsala m'matope. Mayi Margareta ndawapeza akutunga, chitenje chanyowa chonse. Ndawauza kuti mwina asiye kaye kumwa madzi a apa.

"Ndiye tizimwa chiyani, amadamu? Digiri yanuyo?"

Mjigo wa kutchalitchi unafa chaka chatha. Wina uli ku Malomo, ulendo wa ola lathunthu ndi ndowa pamutu. Ati aziwiritsa. Ndati m'thanki yathu muli mankhwala a fodya, ndipo amenewo sathawa moto. Asiya chingwe, n'kutembenukira kwa ine.

"Inu a kumtunda mukakoka kachingwe kanu kaja, mumayesa zimapita kumwamba?"

Afunsa kuti anathira ndani. Ndayankha kuti tikufufuza. Tikufufuza! Ndalankhula ngati nduna pa wailesi.

Pobwerera ndadzera ku ofesi. Patebulo la a hedi pali kalata yochotsa ntchito a Alexio, yotaipa kale, yangotsala deti. Akuti "zikavuta". Bambo amene wagwira ntchito zaka makumi awiri pasukulu ino, yemwe amadziwa paipi iliyonse ndi dzina lake. A Alexio amva kale, pano nkhani siigona. Andipeza pathanki ndikuyeza.

"Kapepala kanu kaja kananyowa ndi mvula, madamu. Sikakuwerengekanso. Musadandaule."

Bodza. Kali m'thumba momwemo, m'kapulasitiki ka shuga, kouma ngati fodya wa m'chigafa. Akanangondikalipira bwenzi zili bwino.

Madzulo, 14. Nsapato ija sindinaipeze.

Lachisanu, 7 Febuluwale

M'mawa, 9. Kumwamba kunayera, a hedi n'kumati Mulungu amakonda maphunziro a atsikana. Tenti ya alendo anaimika pakona penipeni, pafupi ndi paipi ya pachithunzi.

Ili m'ma 11, phiri la Ntchisi linasowa. Mitambo bii. Mvula inayamba a hedi ali pa tsamba lachiwiri la mawu awo, pomwe pali "ukhondo ndi moyo". Ndinazemba kukayeza. 6. Ndinaima pomwepo ndikumvera mathithi aja. Ndinayezanso. 4. Kudambo ndinaona mzere wa ndowa, pakati pake mpango wofiira wa mayi Margareta.

A Alexio anali kumbuyo kwanga, sowo ili m'manja. Anangoigwira ngati munthu wogulitsa nkhuku amene sakufuna kukakamiza.

Paipi ya pulasitiki siilimba momwe imaonekera pachithunzi. Ndinacheka m'chiuno mwake, ndikugwada kumbuyo kwa mipando ya alendo, diresi langa la Lamulungu lili m'matope. Itaduka, denga lonse linakhuthukira m'tenti. Riboni, keke, nsapato za mzungu, masamba asanu otsala a mawu a a hedi. Atsikana a kwaya anapitiriza vesi imodzi, kenako anangogwa ndi phwete.

"Mayi Madalitso! Wakutumani ndani?"

Ndinati yemwe analemba kakalata ka mankhwala, ndipo ndine. Ndinanena kawiri, kachiwiri m'Chingerezi, kuti amene anali ndi nsapato zonyowa amvenso. A hedi akuti tionana Lolemba. Kalata ija ingofunika kusintha dzina, deti ilibe kale.

Zimbudzi takhoma, atsikana abwerera ku zokumba zakale mpaka galimoto ifike. Mvula ikugwabe. Ndabwerera kuthanki, ndaika khutu pachivundikiro. Zii.

3. Ndadikira theka la ola. 3.

A Alexio akhala pachivundikiropo, madzi akutsika m'chipewa. Atulutsa kapulasitiki ka shuga kaja, andipatsa.

"Madamu, tizilombo tanu tabwino tija, timagula kuti?"