Kamtengo ka Machesi ndi Mchenga wa ku Kajumba

Lolemba, 7 Okutobala 1996

Njinga yafika. Yabwera pa lole yodzatenga mpunga, yokutidwa m'makatoni ngati mkwatibwi. Yofiira. Matayala onenepa, a manomano. Magiya 18. Akuti dzina lake ndi mauntenibaiki, mphatso ya bungwe lina lothandiza zipatala zakumidzi. Kalata ikuti ndi ya namwino woyenda ndi katemera, ndipo namwino ameneyo ndine. A Jeremiah, mkulu wa kachipatala kathu, awerenga kalatayo kawiri, mwina kusaka dzina lawo. Mulibe.

Madzulo ndapita nayo pansi pa mtengo wa bwemba, pomwe a Meshack amakonzera njinga. Amuna onse okonda njinga amathera pamenepo, kukangana za matcheni, masipoko ndi mpira wa pa wailesi. Aizungulira ngati yagwa kumwamba. A Meshack atsina tayala, apukusa mutu. "A Sisita Virginia, ili ndi lofewa ngati mkate. Tayala lizilira ukaligogoda." Pampu yawo yakana, vavu ya njinga yangayi ili ngati ya galimoto. Atenga kapampu komwe kanabwera nayo, apopa mpaka thukuta kamukamu. Manje matayala ndi miyala. Tcheni achiika pa giya lolemera, ati magiya opepukawa ndi a ana ndi aulesi. Athiranso oilo wakuda wa injini.

Ndavomera zonse. Safunsa anadya phula, ndipo anthuwa anayamba kupalasa ine ndisanabadwe.

Lachitatu, 9 Okutobala

Uthenga woipa. Chikuku chabuka kumsasa wa asodzi, ku Luangwa. Amuna ambiri a kumsasako kwawo ndi ku Kajumba, amapita ndi kubwera. Sichichedwa kulowa m'mudzi. Ana ang'ono a ku Kajumba sanabayidwe chiyambire chaka chatha.

Makilomita 36. Mitsinje itatu youma, mchenga wokhawokha, ndipo pakati pake msewu nawo ndi mchenga. Bokosi langa la katemera ndi nkhalamba, chivindikiro chong'aluka, ndachimata ndi pulasitala. M'dzuwa la mwezi uno ayezi amapirira maola asanu ndi limodzi basi. Akasungunuka, katemerayo sabayidwa. Kunyamuka kusanache ayi, kuli njovu. A Sunday, sikauti woyang'anira nyama zakutchire, andiperekeza ndi mfuti pa njinga yawo yakuda.

Ndatumiza mawu kuti amayi asonkhane Lachisanu, 11 koloko. Ndivala buluku mkati, chitenje pamwamba. Anthu anene zonena zawo.

Lachisanu, 11 Okutobala, ku Kajumba

Ndafika 3 koloko masana. Ayezi onse madzi ofunda.

Sindikufuna kulemba zambiri.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndabwerera kunyumba. Ndilembe za dzulo, mwina mtima ungatsike.

Pa nthaka youma njinga inkauluka. Titangolowa mu mtsinje woyamba, tayala lakutsogolo linadula mchenga ngati mpeni, n'kumira. Ine pansi, bokosi pambali. Ndinadzuka, kuyesanso, kugwanso. Giya lolemera lija mwendo sungalitembenuze mumchenga. Oilo uja anatola mchenga wonse wa m'chigwa, tcheni chikungokukuta mano. Basi kukankha. Ine kukankha yanga, a Sunday yawo, akashembe kutiluma kumsana. Mwina theka la ulendo wonse tinayenda pansi.

Amayi oposa makumi anayi pansi pa mtengo, kuyambira m'mawa, ana kumbuyo. Ndinatsegula bokosi pamaso pawo, ndinagwedeza botolo la ayezi: khuvukhuvu, madzi. Ndinawauza zoona, kuti sindibaya mwana mankhwala ofa. Ena anayamba kunyamuka ndisanamalize.

Mayi mmodzi anatsala, a Salome. Mwana wawo Tamala, miyezi khumi, timaso towala. Anandiuza kuti ana awo awiri anapita ndi chikuku zaka zitatu zapitazo, sabata imodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Mukabweranso ndi madzi, musatiitanenso." Bola akanandimenya mbama.

A Jeremiah ati mwina njinga imeneyi ikufuna miyendo ya mwamuna. Mu filiji mwatsala timabotolo tisanu, tokwanira ana 50. Tina tidzabwera kuchokera ku boma mwezi wa mawa, ngati tidzabwere. Ulendo umodzi wokha watsala.

Koma chinthu china chikundizungulira m'mutu. Pobwera lero minga inalasa matayala onse awiri, tating'ono, mpweya ukungotuluka pang'onopang'ono. Mphamvu yopopa ndinalibe. Ndinafika pa mtsinje womaliza matayala ali wefuwefu, ndinati ndigwe ndigwe, ndazolowera. Sindinagwe. Ndinapalasa mpaka pakati pa mtsinje. A Sunday anati ndi mwayi chabe.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi ndinalipo thupi lokha. Ulaliki wonse ine ndikuganiza za matayala, Mulungu andikhululukire.

Masana ndamata machubu, ndapopa gwa ngati a Meshack, ndapita pa mtsinje wakuseri kwa sukulu. Kulowa: mapazi asanu, pansi. Ndatenga kamtengo ka machesi, ndadina kamsomali ka m'vavu, mpweya fwiii. Kuwerenga mpaka teni. Kuyesa. Bwinoko. Kudinanso. Pamene chala chachikulu chayamba kulowa m'tayala ndikatsina, njinga yasiya kumira. Tayala likuphwatalala pamchenga ngati phazi la njovu.

Kenako ndagwira kachitsulo ka magiya komwe ndimakaopa. Ndatsitsa mpaka giya la aulesi lija. Miyendo ikungozungulira mopepuka, njinga ikupita. Ndawoloka mtsinje wonse osatsitsa phazi. Ndabwerera. Ndawolokanso. Kasanu ndi kawiri!

Ndaseka ndekha pakati pa mchenga ngati wamisala. Mbuzi zokha ndi zomwe zaona.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndakawauza a pansi pa bwemba. Kuseka kwake mpaka wina wagwa pa benchi. A Sunday ati, "Manje munthu n'kuphwetsa tayala dala? Za m'tauni ku Chipata izi." A Meshack sanaseke nthawi yaitali. Afunsa kawiri, atsina tayala. Kenako ati tiyeni tikaone. Amuna asanu ndi mmodzi kunditsata kumtsinje, njinga zawo m'manja.

Ndawoloka. Kutsidya ndatembenuka, ndaimika phazi pansi mwaulemu, ndawayang'ana. Onse maso pa matayala anga.

A Meshack ndi munthu wabwino. Ati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma andichenjeza chinthu chomwe ine sindinachiganize: kudambo la panjira ya ku Kajumba njovu zinaponda nthawi ya mvula, manje dothi lauma ngati njerwa, maenje okhaokha. Ndikapita pamenepo ndi tayala lofewa, limu, chitsulo cha gudumu, idzaluma chubu mabowo awiri. Ndiye mumchenga kuphwetsa, pouma kupopa. Atsukanso tcheni ndi palafini, achipukuta, adontheza oilo wa makina osokera pang'ono chabe. Za oilo wakuda uja sitinakumbutsane.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Kuyeserera m'mawa ndi madzulo, bokosi kumbuyo, mkati njerwa ziwiri. Zomwe ndaphunzira ndi mawondo anga:

Tsitsa giya usanalowe mumchenga, osati uli kale mkati. Khala kumbuyo kwa chishalo, kutsogolo kupepuke. Mahandulo osawafinya, njinga ikafuna kupatuka pang'ono isiye. Buleki yakutsogolo osaikhudza n'komwe. Yang'ana kutsidya, ukayang'ana tayala wagwa. Osasiya kupalasa, ngakhale mtima ukuti ima.

Kuphwetsa ndi mphindi imodzi. Kupopa ndi kapampu kangaka ndi mphindi zisanu ndi chitukwano chimodzi.

Bondo lakumanzere latupa. Ndatumiza mawu ku Kajumba ndi wogulitsa nsomba: Lachinayi, 11 koloko. Ndamuuza akawauze a Salome pawokha, kuti ndine ndapempha. Kaya abwera.

Lachitatu, 16 Okutobala

Filiji ndaithira palafini, ndakonza chingwe, lawi labuluu. Mabotolo a ayezi anayi aundana bwino. Bokosi ndalisokera jekete la chiguduli choti ndizinyowetsa. Mphira zatsopano pa kaliyala. A Meshack abweretsa zigamba zisanu ndi guluu, akana kulandira kanthu. A Jeremiah afunsa ngati sikungakhale bwino kuti apite iwo. Ndawafunsa kuti giya la mumchenga ndi liti. Apita kukaona odwala.

Machesi m'thumba la malaya. Ena m'chikwama. Ena ndamanga pa mfundo ya chitenje.

Mantha alipo. Nkhope ya Tamala sikuchoka.

Lachinayi, 17 Okutobala, ku Kajumba

Ndafika 10 koloko isanakwane!

Ndilembe bwinobwino, tsiku ngati ili silibwera kawiri. Tinanyamuka kukungoyera. Kudambo la mapazi a njovu matayala olimba, ndinaimirira pa mapedulo, mano akugundana. Mtsinje woyamba: kutsika, machesi, fwiii, giya pansi, kulowa. Ndinawoloka ngati ndikupita kumsika. Ndili kutsidya ndikumwa madzi, a Sunday akadali pakati, akukankha, mfuti ikuwamenya kumsana. Ndinawadikira. Nkhope yanga inanena zonse.

Msewu wa mchenga wonse pachishalo, ndikuima apa ndi apo kuti andipeze. M'nkhalango ya tsanya tinakumana ndi njovu zitatu, zikudya pafupi ndi njira. Tinaima mphindi makumi awiri, ine dzanja pa bokosi, ndikuwerenga ayezi akusungunuka. Zinachoka zokha. Ndinagwa kamodzi, pa mtsinje wachiwiri, chifukwa ndinayang'ana tayala. Bokosi silinatseguke.

Pa mtsinje wachitatu a Sunday anakhala pansi, malaya ali chonyowa. "Pitani, a Sisita. Uko ndi minda yokhayokha, kulibe nyama. Ine ndikuchedwetsani." Mawu amenewa ndidzawasunga mpaka ukalamba.

Ndinalowa m'mudzi ndekha. Pansi pa mtengo amayi asanu ndi atatu okha. Mtima unagwa. Koma a Salome analipo, akhala patsogolo, Tamala pamiyendo. Sindinapereke ngakhale moni wokwanira. Ndinamasula mphira, ndinatsegula bokosi, ndinatulutsa botolo la ayezi n'kuwapatsa m'manja. Analigwira, analigwedeza. Silinalire madzi. Analigogoda pa muzu wa mtengo: go, go. Analiika patsaya la Tamala, mwana n'kukuwa ndi kuzizira. Ndiye a Salome anaimirira n'kuyamba nthungululu.

Amayi anatuluka m'nyumba, m'minda, kuchitsime. Kunali kudikira kuti aone kaye. Woyamba kubayidwa Tamala, analira ngati ndamulanda dziko. Pofika 1 koloko ana 47. Dzanja lauma, msana ukuwawa, ine ndikungomwetulira ngati chitsiru.

A Sunday anafika ndikubaya mwana wa 19. Amayi anawafunsa ngati anasochera.

Ndadya nkhuku. Ndasangalala, ndasangalala kwambiri, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Loweruka, 19 Okutobala

Pansi pa bwemba nkhani ndi imodzi. Aliyense manje akuti ankadziwa kale. A Sunday aphwetsa matayala a njinga yawo yakuda, owonda aja, mpaka pansi, akwera, chubu chang'ambika asanafike pa chigayo. A Meshack awalalatira kuti tayala lowonda si lonenepa, ukachotsa mpweya uchotse pang'ono. Iwo omwe aja a "tayala lizilira". Manje akuphunzitsa anthu kutsina ndi chala chachikulu, ndipo akuti ndi njira ya a Sisita.

A Jeremiah apempha kuti ndiwaonetse magiya Lamulungu. Ndati ndiona ngati ndili ndi mpata.

Loweruka, 9 Novembala

Masabata atatu osalemba. Ndapita ku Tembwe kawiri, midzi ya kufupi ndi Chifunda kamodzi, matako anazolowera.

Chikuku chinalowadi ku Kajumba kumapeto kwa mwezi. Chinagwira ana anayi omwe anali kumsasa ndi makolo awo tsiku lija. Atatu achira, mmodzi ali kuno, maso akuvuta koma akudya. Mwa ana 47 aja, palibe ndi mmodzi yemwe wagona. Ndawerenga maina m'kaundula kawiri kuti nditsimikize.

Andiuza ndi a Salome eni ake. Abwera lero, amuna awo awakweza pa kaliyala, ulendo wonse uja. Kathumba ka mpunga m'manja. Ati nyumba yoyandikana nawo ndi yomwe munali chikuku, ana ankaseweretsa Tamala tsiku ndi tsiku. "Yewo," basi, mawu amodzi othokoza, kenako misozi. Nanenso. Tamala wayamba kuima chogwirira. Wakwawa mpaka pa njinga, wagwira tayala lakumbuyo, waimirira, akulimenya ndi kadzanja. Ndamusiya, ngakhale linali lafumbi.

Kumwamba kwada mbali ya ku mapiri a Muchinga, mphepo ikununkha mvula. Mchenga usanduka matope sabata ino. A Meshack andifunsa kuti nanga pamatope timaphwetsa kapena timapopa. Ndati sindikudziwa, tikagwa tidziwa.

Katemera watsopano wafika dzulo. A Jeremiah akuitana panja, akuti kwabwera munthu wochokera kutsidya kwa Kajumba, mudzi womwe sindinafikeko, mitsinje isanu. Akufunsa ngati mayi wa njinga yofiira angathe kubwera mvula isanatseke njira.

Machesi ndinaika pati?